Nchembere m'Mabuku Athu: Phunziro Lochokera ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Tsiku lina ndinapempha ophunzira uphunzitsi a m'kalasi langa kuti anditchulire buku limodzi la Chichewa limene mwini nkhani wake ndi mai wa zaka 45 kapena 50. Ananditchulira mabuku a anyamata opita kunchito kutali, a atsikana onyengedwa m'tauni, a mafumu ndi a Kalulu. Koma pa funso langa lenilenilo m'chipinda monse munangoti zii. Potsiriza mnyamata wina wa ku Thyolo, amene amai ake akhala alikuthyola tiyi chiyambire iye asanabadwe, anaimirira nati, "Aphunzitsi, kodi munthu wotere angakhale ndi nkhani? Zake zonse zidachitika kale." Sananene mwachipongwe iai, anangobwereza chimene mabuku adamphunzitsa. Mau amenewa ndiwo andichititsa kulemba, pakuti mphunzitsi amene akhulupirira kuti moyo wa mkazi umathera pa tsiku la ukwati wake adzaphunzitsa atsikana a m'kalasi lake chomwecho, ngakhale asatsegule pakamwa kunena.

Tsono ndifuna kuti tiyese zolembedwa zathu ndi muyeso umodzi wokha, ndiwo mai wa ku minda ya tiyi amene ana ake akula, koma iye mwini sanafike pa ukalamba. Kodi mabuku athu amdziwa? Ngati samdziwa, chinawaphimba m'maso nchiani?

Chimene mau athu anena

Tiyambire pa chilankhulo chenichenicho, popeza ndicho khasu la mlembi. Mtsikana akaona mwezi wake woyamba timati wakula, kapena watha msinkhu. Tamvetserani bwino mau achiwiriwo. Munthu wosadziwa mwambo angayese kuti kukula kwa mkazi ndi chinthu cha tsiku limodzi, chimene chimafika pa zaka 13 ndi kuthera pomwepo. Koma makolo athu sanaganize chotero. Iwo anaika makwerero ambiri: buthu asanduka namwali, namwali akaima koyamba amlanga pa chisamba, akabala alowa m'gulu la nchembere, ndipo pakati pa nchembere zomwezo pali zazing'ono zimene zimangomvera, ndi zazikulu zimene zimaweruza. Mwa zazikuluzi ndimo mumachokera namkungwi wolanga anamwali ndi mzamba wothandiza m'chikuta. Udindo wotere saupereka kwa munthu amene angotuluka kumene m'tsimba. Ndiponso mai akaleka kusamba, zoletsa zambiri za mdulo, monga ija ya kuthira mchere m'ndiwo, zimamsiya, ndipo amaloledwa kuyandikira zinthu zimene kale anali kuzitalikira. Miyamboyi isiyana pang'ono pakati pa Amang'anja, Alomwe, Ayao ndi Angoni, amene onse apezeka m'boma la Thyolo, koma mutu wake ndi umodzi: mkazi amakwera pamodzi ndi zaka zake.

Miyambi nayo ili pawiri. Pali wina umene umati tsobola wakale sawawa, ndipo achinyamata amaukonda kwambiri. Koma palinso wina umene umati galu wamkota sakandira pachabe; ndipo mkota ndi chiweto chachikazi chimene chabala kale, chimene chaona nyengo zambiri. Ife aphunzitsi tili ndi mwambi wathu wa tsiku ndi tsiku, uja wakuti m'mera mpoyamba. Mwambiwu ngwoona, koma tautambasula kupitirira muyeso wake, mpaka ana ayamba kuganiza kuti chimene munthu sanachipeze paubwana sadzachipezanso. Chilankhulo chathu chidziwa kuti nchembere ilikukulabe. Funso ndi lakuti, kodi olemba mabuku anachimvera?

Mai wa ku tiyi ndi mbiri yake

Tisanatsegule mabukuwo, tiyenera kumdziwa munthu amene tilikumfuna m'menemo. Tiyi anayamba kulimidwa pa malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo pambuyo pake; munda wa Satemwa, mwachitsanzo, unatsegulidwa mu 1923. Anchito ambiri a minda imeneyi anali Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza kuti nthaka yabwino ili m'manja mwa Azungu, ndipo malo omangapo nyumba anawalipira ndi thangata. Lamulo la mu 1928 lonena za anthu okhala pa minda ya Azungu linapatsa mwini munda mphamvu yochotsa ana aamuna a anthuwo akafika zaka 16, ndi yokaniza mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamundapo kudzamanga pomwepo.

Ganizirani chimene lamulo lotere linachita kwa nchembere. Pa mwambo wa chikamwini ulemu wa mai wamkulu uli pa mbumba yake: ana ake aakazi amanga momzungulira, akamwini abwera kudzalima, adzukulu akulira pakhonde pake, ndipo iye ndiye tsinde la mudzi. Lamulo loletsa mkamwini kumanga linadula tsinde lomwelo. Pamene chipolowe chinabuka ku Thyolo mu August 1953, ndi kufalikira ku maboma oyandikana nalo, anthu 11 anaphedwa, ndipo mabuku a mbiri amanena za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, za malo ndi za thangata. Amanena zoona, koma mkati mwa mau akuti "malo" muli mai amene anaona mbumba yake ilikumwazika.

Thangata lidatha kale, koma kuchepa kwa malo kulipobe, ndipo Thyolo ndi limodzi la maboma amene anthu athithikana kwambiri. Mai wa lero alawira m'mamawa, dengu kumsana, kukathyola masamba awiri ndi kansonga kake, ndipo malipiro ake atsata chimene sikelo yanena. Nchito imachuluka pa nyengo ya mvula, kuyambira December kufikira April, ndiyo nyengo yomwenso kamunda kake ka chimanga ndi nandolo kafuna khasu. Mvula ikatha, ambiri amauzidwa kuti adikire chaka chamawa. Akazi ngocheperapo pa anchito a m'mindayi poyerekeza ndi amuna, ndipo pa maudindo a ukapitao achepa koposa.

Pali zinthu ziwiri zina zimene mphunzitsi ayenera kukumbukira. Choyamba, mai amene anabadwa pakati pa 1970 ndi 1980 anapyola msinkhu woyambira sukulu isanafike sukulu yaulere ya mu 1994. M'nyumba ya wothyola tiyi, ndalama ya fizi ikapezeka ya mwana mmodzi, kawirikawiri inkagwera mnyamata. Chachiwiri, mbadwo umenewu ndiwo unakumana maso ndi maso ndi mliri wa Edzi. A bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba nchito yao ku Thyolo mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kumeneko mu 2003. Akazi ambiri amene akadatsikira kuli chete asanafike zaka 40 ali moyo lero chifukwa cha mankhwalawo, ndipo ambiri alera ana a abale ao amene mankhwala anawapeza atapita kale. Munthu amene wadutsa m'zonsezi, kodi tinene kuti alibe nkhani?

Nthondo ndi muyeso wa ulendo

Buku loyenera kuyambirapo ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linapata mphotho mu 1933 pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa wokonzedwa ndi bungwe la ku London, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Ndi buku loyenera ulemu, ndipo wophunzira uphunzitsi amene sanaliwerenge ali ndi ngongole. Ubwino wake waukulu ndi wakuti litsata munthu mmodzi kuchokera pa kubadwa kufikira kumanda, osamthamangitsa. Nthondo alakwa paunyamata, apita kutali kukafuna nchito, abwerera kwao, alowa ufumu, atembenuka mtima, namwalira ali munthu wina wosiyana ndi uja tinayamba naye. Mlembi amlola kusintha atakula kale. Apa Nthara anaonetsa kuti Chichewa chikhoza kusenza moyo wathunthu wa munthu.

Koma taonani chimene chimayendetsa nkhaniyo. Nthondo akula chifukwa ayenda. Nzeru azitola m'njira, ndipo woŵerenga ayesa kukula kwake poona kutalika kwa mtunda umene wapita ndi kusiyana kwa munthu wochoka ndi munthu wobwerera. Njira imeneyi inakhala ngati chikombole choumbira njerwa, ndipo olemba ambiri a pambuyo pake anaumbiramo. Nthara mwini analembanso za Msyamboza, mfumu ya ku Dowa. Legson Kayira, polemba m'Chingerezi buku lake la I Will Try mu 1965, anasimba za ulendo wake wa pansi wochoka kuno kumka kumpoto pofuna maphunziro a ku America. Nkhani za machona a ku Halale ndi ku Joni nzosawerengeka. Sitinganene kuti olembawa anachita dala. Ambiri anali amuna ophunzitsidwa pa mishoni, m'masiku amene mwamuna aliyense wamphamvu ankapita kutali kukafuna ya msonkho, ndipo analemba chimene anachidziwa.

Bvuto lake ndi ili: ngati kukula tikuyesa ndi ulendo, munthu wotsala pamudzi aoneka ngati sakula. Ndipo pa chikamwini wotsala pamudzi ndiye mkazi. M'nkhani zoumbidwa m'chikombolechi mkazi amaoneka kawiri: tsiku lotsazika ali kulira pakhomo, ndi tsiku lobwerera ali kulandira katundu. Zaka khumi za pakatipo, m'mene iye analima yekha, anaika maliro yekha, anakwatitsa ana, anaphunzira kuyankha pabwalo la milandu popanda womuimira, mlembi azidumpha ndi mau atatu akuti "patapita zaka zambiri". Komatu m'zaka zodumphidwazo ndimo namwali anasanduka nchembere. Kusintha kwake sikuchepa poyerekeza ndi kwa mwamuna wake. Chosiyana nchakuti kunachitikira pa bwalo limodzi lomwelo, pamene diso lozolowera kuyang'ana kumseu silipenya.

Anthu a ku Thyolo sangabvutike kumvetsa zimenezi. Mtengo wa tiyi suchoka pamene anaubzala, ndipo munthu wodutsa pa galimoto chaka ndi chaka angati mundawo uli chimodzimodzi. Wodulira ndiye adziwa kuti tsinde lakula, mizu yazama, ndi kuti mtengo wodulidwa kambiri umaphukanso kwa zaka makumi ambiri.

Nthano ndi nyimbo za pamtondo

Tikachoka ku mabuku osindikizidwa kumka ku zapakamwa, tipeza zinthu zodabwitsa. M'nthano zathu muli atsikana ambiri: wokana amuna, wokwatiwa ndi chilombo, wamasiye wozunzidwa. Mulinso nkhalamba ija ya zilonda yokhala m'mbali mwa njira, imene imadalitsa mwana waulemu ndi kulanga wamwano. Koma mai wa pakatiyu, akaonekamo, kawirikawiri ndiye mai wopeza wankhanza, mkazi mnzake wanjiru, kapena mpongozi wobvuta. Ndipo osimba nthanozi madzulo ndi amai omwewo. Chifukwa chake, monga ndiganizira ine, nchakuti nthano ndi chida cholerera ana. Wosimbayo sanena za iye mwini, koma aika patsogolo msinkhu wa omvera ake. Tsono mphunzitsi amene adyetsa ana nthano zokhazokha asadabwe akamakula ndi chithunzi chopotoka cha amai a msinkhu umenewu.

Kumene nchembere imalankhula za iyo yokha ndi pamtondo. Nyimbo ya pamtondo ili ndi ufulu umene kukamba wamba kulibe: mai akhoza kudzudzula mwamuna waulesi, mlamu woumira kapena mpongozi, mudzi wonse ulikumva, ndipo palibe womtengera kubwalo, chifukwa akuti waimba chabe. Amene anaonetsa dziko kulemera kwa nyimbozi ndi Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lotchedwa The Story of an African Famine, lonena za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre, loyandikana ndi Thyolo. Iye anawerenga makalata a boma la atsamunda, amene amakamba za chilala, za fodya ndi za misika. Koma anakhalanso pansi ndi amai a m'midzi namvera nyimbo zao. M'nyimbozo njala ija ikumbukika mwa njira ina: chinali chaka chimene amuna anapita kukafuna chakudya kwao osabwereranso, chaka chimene maukwati anatha, ndipo akazi anatsala ndi ana m'manja.

Bukuli litiphunzitsa chinthu chachikulu, kuti wotsala pamudzi ali ndi mbiri yakeyake, ndipo mbiriyo ikhoza kutsutsa ya olemba a boma. Koma lili ndi malire ake, amene sali cholakwa cha mlembi. Linalembedwa m'Chingerezi, kotero kuti adzukulu a oimbawo ambiri sangaliwerenge. Ndiponso mutu wake ndi njala, tiona mkazi alikupirira, koma sitimuona pa chaka cha dzinthu, pamene afunsa mumtima mwake kuti, "Nanga ine ndifuna chiani?" Kupirira ndi ukoma, koma si moyo wonse.

Tiyeneranso kuchenjera pa zinthu ziwiri. Chigayo chalanda nchito ya mtondo m'midzi yambiri, ndipo nyimbo zasamukira ku magulu a amai a mumpingo, monga a Mvano a Sinodi ya Blantyre ndi a Dorika a mpingo wa Adventist, umene mishoni yake ya Malamulo ili ku Makwasa chiyambire 1902. Wofuna mau a nchembere lero akawafune kumeneko, ndi ku maliro, ndi ku zinkhoswe. Chachiwiri, si nyimbo iliyonse yoimbidwa ndi akazi imene ili mau a akazi. M'zaka 30 za ulamuliro wa Dr. Banda, kuyambira 1964 kufikira 1994, dzina lija la mbumba linatengedwa kumka nalo ku ndale, ndipo amai ankabvina ndi kuimba zotamanda pa misonkhano, ofuna ndi osafuna omwe. Emily Mkamanga analemba za zimenezi m'buku lake la mu 2000, Suffering in Silence. Woweruza nyimbo adzifunse nthawi zonse kuti, kodi woimbayu akadatha kukana?

Mkazi akalemba za iye mwini

Buku limene lionetsa poyera kuti mkazi amakula kufikira imvi ndi Fearless Fighter, mbiri ya Vera Chirwa yolembedwa ndi iye mwini, yotuluka mu 2007. Mai ameneyu anabadwa mu 1932. Anatsiriza maphunziro a malamulo ku London mu 1966 ali kale mai wa ana, nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Anagwidwa pamodzi ndi mwamuna wake, Orton Chirwa, mu December 1981 ali ndi zaka 49. Anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango chimene pambuyo pake chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mwamuna wake anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo iye anatuluka mu January 1993 ali ndi zaka 60. Pa msinkhu umene ambiri amati nkokhala pakhonde, iye anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba pa za malamulo, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woyang'anira za ndende m'maiko a mu Africa. Tingatchulenso Joyce Banda, amene anayambitsa bungwe la amai a malonda mu 1990 ali ndi zaka 40, nadzakhala mtsogoleri wa dziko mu April 2012.

Atsikana athu ayenera kudziwa maina amenewa. Komabe woweruza mabuku aone kuti mbiri ya Mai Chirwa, ngakhale ili ya mkazi, iyenda m'njira ija ya Nthondo: London, Dar es Salaam, Chipata, Zomba. Ndi nkhani ya ulendo, ya munthu wodziwika, ndipo ili m'Chingerezi. Mphunzitsi akaimika zitsanzo zotere zokhazokha, mwana wa ku Luchenza kapena ku Thekerani adzati, "Awo ndi ena, amai anga sanafike ngakhale ku Lilongwe." Pamenepo tidzakhala titabwerera pa mau a mnyamata uja. Buku limene tikali kulidikira ndi la mai amene sanachoke.

Kukhutira kwa nchembere nkotani?

Wodzalemba buku limenelo apewe maenje awiri. Loyamba ndi kubwereka maganizo a kunja osawayesa. M'mabuku ambiri a ku Ulaya ndi ku America amati mai wa msinkhu uwu amapeza mpata chifukwa ana achoka ndipo nyumba yatsala yopanda anthu. Ku Thyolo nyumba siikhala yopanda anthu. Mwana wotsiriza asanachoke, mdzukulu woyamba wafika kale, ndi wamasiye pambuyo pake. Mlembi amene achotsa nchembere pakati pa mbumba yake kuti aipatse chimwemwe walemba za munthu wa kwina. Dzenje lachiwiri ndi lathu lomwe: kuyamikira mai chifukwa chodzimana basi, ngati kuti iye ndi nkhokwe imene nchito yake ndi kutapidwa. Chiyamiko chotere nchotsekemera pakamwa, koma chimatseka funso lakuti iye mwini akondwera ndi chiani.

Pakati pa maenje awiriwa pali njira, ndipo amai a ku tiyi alikuyendamo kale. Sukulu za kwacha, zimene boma linazikhazikitsa m'dziko lonse mu 1986, zadzala ndi amai koposa abambo. Ndipo mai amene alemba dzina lake koyamba pa zaka 46, m'malo modinda chala, wapeza chinthu chimene palibe adzamlanda. M'magulu a banki m'khonde nchembere imene sinaonepo mkati mwa banki isunga bokosi la ndalama za anzake makumi awiri, chifukwa anthu aidziwa kukhulupirika kwake. Pakati pa alimi a tiyi ang'onoang'ono, amene boma linayamba kuwalimbikitsa mu 1967, muli amai amene amagulitsa masamba a m'munda mwao ndi kulankhula pa misonkhano ya mabungwe ao. M'sukulu zathu za pulaimale muli magulu a amai amene amalondola mtsikana wosiya sukulu mpaka kwao ndi kumbweza m'kalasi. Umenewu ndi unamkungwi wobvala chobvala chatsopano.

Palinso kukula kwina kowawa, ndiko kuphunzira kunena chimene unkaopa kunena. Akazi 36 a ku minda ya Eastern Produce ku Thyolo ndi ku Mulanje anakasuma ku bwalo la ku London, kudandaula kuti anagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi amuna owayang'anira pa nchito. Mu February 2021 kampani ya Camellia, mwini wa mindayo, inagwirizana nao kunja kwa bwalo, yosabvomera mlandu, nilonjeza ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni zonse pamodzi, ndi njira zotetezera ndi kukweza akazi pa nchito. Amai amenewa sanakwere ndege kumka kukaphunzira. Koma mtunda wochoka pa kukhala chete kufika pa kuchitira umboni ngwautali kuposa wa ku Joni. Mlembi wa Chichewa amene afuna nkhani yokhala ndi mtima asanene kuti yasowa.

Tsono tikafunsa kuti kukhutira kwa nchembere nkotani, yankho lochokera ku Thyolo ndi ili: ndiko kukhala ndi mau amene amveka, luso limene anthu alifuna, ndi kanthu kena, ngakhale kachepe, kamene iye anadzisankhira yekha.

Nchito ya mphunzitsi

Inu amene mudzaima patsogolo pa ana posachedwa, ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, pa buku lililonse kapena nthano iliyonse imene muphunzitsa, funsani ana mafunso awa: Kodi mai wamkulu wa m'nkhaniyi ali ndi dzina, kapena angotchedwa amake a uje? Kodi afuna chiani iye mwini? Kodi pa mapeto a nkhani ali monga anali pachiyambi? Nanga m'zaka zimene mlembi wadumpha, iye anali kuchita chiani? Ana a Sitandade 6 akhoza kuyankha mafunso otere, ndipo funso lotsirizalo limabala zimangirizo zabwino.

Chachiwiri, tumani ana kukafunsa amai ao, azakhali ao ndi agogo ao, osati za miyambo yakale yokha monga tizolowera, koma za iwo eni: chimene anaphunzira atakula kale, tsiku limene anayamba kulankhula pagulu, chimene akali kuchilakalaka. Aphunzitseni kupempha chilolezo mwaulemu, kusalemba dzina la munthu amene sanalole, ndi kusakhudza zinsinsi za kutsimba, pakuti zimenezo zili ndi eni ake.

Chachitatu, lembani. Nthara anali mphunzitsi monga inu pamene analemba Nthondo, ndipo mabuku ambiri a chilankhulo chathu anatuluka m'manja ogwira choko. Chikombole chimene iye anatisiyira nchabwino, koma sichiumba njerwa za mtundu uliwonse. Wolemba za nchembere adzayenera kuphunzira kusimba zaka makumi awiri za pa bwalo limodzi, woŵerenga osatopa.

Mnyamata uja wa ku Thyolo ndinamtuma kuti pa tchuthi akakhale pansi ndi amai ake, kope m'manja. Anabwera ndi masamba 14. Anali asanadziwe kuti amaiwo analowa sukulu ya kwacha iye ali ku sekondale, chifukwa anafuna kumawerenga okha makilogalamu amene kalaliki alemba pa sikelo. Kuti m'mudzi mwao ndiwo amaitanidwa banja likafuna kupasuka. Ndi kuti ali ndi maganizo ogula makina osokera ana akadzatha sukulu, popeza chiyambire utsikana wao anakhumba kusoka. Ndinamfunsa chifukwa chake sanazidziwe zimenezi kale, pokhala mwana wa m'nyumba momwemo. Anayankha kuti, "Sindinawafunsepo, aphunzitsi." Mabuku athu nawonso sanafunsepo, ndipo ofunsa oyamba ayenera kukhala inu.